Nyambo ya a Magalasi

Lachinayi, 6 Malichi

Mwayi wanga wafika, koma wafika ndi minga yake. Pa nkhomaliro a Kaputeni, otsogolera timu yathu ya tchesi, alengeza kuti mpikisano wa tchesi wa makampani uliko Loweruka la pa 15, ndipo kampani yathu yosindikiza mabuku itumiza anthu anayi. Atatu ndi odziwikiratu: iwowo a Kaputeni ndi abambo awiri a ku makina aakulu. Mpando wachinayi tikulimbirana ine ndi a Magalasi. Gemu imodzi yokha, Lachinayi likubwerali tikaweruka. Tikafanana mphamvu, mpando ndi wa a Magalasi poti ndi akale.

Zaka zitatu ndakhala ndikupita ku mpikisano umenewu ngati wonyamula mabolodi ndi fulasiki ya tiyi. Chaka chatha bambo wina wa ku kampani ya sopo anandifunsa ngati ndatsala ndi shuga. Ulendo uno ndikufuna kukakhala pampando, wina andithirireko tiyi ineyo.

Minga yake ndi iyi. A Kaputeni anafumbata maponi awiri, tiasilikali ta patsogolo tija, ina yoyera ina yakuda, ine n'kuloza dzanja lamanzere. Yakuda. Ndiye kuti a Magalasi atenga asilikali oyera, ayamba ndi iwo, ndipo aliyense pakampani pano akudziwa chimene adzachite: poni ya patsogolo pa mfumukazi, masitepe awiri, d4. Ntchito yawo ndi yosaka zolakwika m'masamba tisanasindikize, tsamba lililonse amaliwerenga kawiri, ndipo pabolodi ndi chimodzimodzi. Sathamanga. Amangokupana pang'onopang'ono ngati buku m'chopanira changa chija, mpaka uvomere wekha. Ndasewera nawo ndili ndi akuda ka 14. Andigonjetsa ka 11, katatu tinafanana. Kupambana ayi, olo kamodzi.

Atamva kuti ndatenga akuda anangopukuta magalasi awo n'kunena kuti, "Pepanitu a Singano." Singano ndi ineyo, wosoka mabuku. Pepani wa chiyani? Ndinaseka nawo, koma mkatimu ndinapsa mtima.

Lachisanu, 7 Malichi

Lero ndaseka ndekha pabenchi langa mpaka anzanga anayesa guluu wandilowa m'mutu.

Mayi wina wabweretsa buku lakale la malemu amuna awo kuti ndilisoke, chikuto chinachoka, masamba ali balala. Kutsegula, ndi buku la tchesi! Ine posanja masamba ndimayang'ana manambala okha, koma leroli maso anakana. Patsamba 88 ndapeza njira imene akuda amayankhira poni ya mfumukazi mosaopa. Dzina lake ndi la mzinda wina wakutali, lilime langa likulikana, ndiye ine ndaitcha Nyambo.

Imayenda chonchi. Iwo d4, ine kavalo panja. Iwo poni yachiwiri, ine n'kuwaponyera poni ya patsogolo pa mfumu yanga, e5, yaulere, idyeni bambo. Akadya, akavalo anga awiri amaithamangitsa poni yakudyayo, bishopu wanga amapita kukachita tcheki, kuopseza mfumu yawo, n'kukhala pomwepo, mfumukazi yanga imaima moyang'anizana ndi mfumu yawo chapatali. Kenako iwo amakankha kaponi ka m'mphepete kuopseza bishopu uja. Apa ndiye pokoma: bishopuyo sumuthawitsa. Umamusiya dala. Akangomudya pa ulendo wachisanu ndi chinayi, kavalo amalumphira pa d3, meti, gemu yatha. Mfumu imafera m'nyumba mwake, itapanikizidwa ndi asilikali ake omwe, ndipo poni yoti ikanadya kavaloyo singasunthe chifukwa ikachoka, mfumukazi yanga ikuiona mfumu.

Ndakopera tsamba lonselo kuseri kwa chikuto chotayidwa. Tsamba lotsatira likunena zochita ngati oyera akana kudya. Limenelo ndikopera Lolemba, bukuli abwera kudzatenga Lachitatu.

Loweruka, 8 Malichi

Ndalemba ganyu amunanga. Munthu wa mapaipi, tchesi saidziwa olo pang'ono, kavalo amamutchula kuti bulu. Ndawalembera maulendo a oyera papepala, ndawaonetsa kuti zilembo zili pansi, manambala m'mbali, ntchito yawo kungowerenga n'kusuntha.

Ulendo woyamba anayendetsa bishopu ngati nsanja. Wachiwiri anadya poni yawo yomwe. Wachitatu tinafika mpaka kumapeto, kavalo pa d3, ine n'kukuwa kuti meti. Iwo anayang'ana bolodi nthawi yaitali.

"Ndiye kuti ndafa?"

"Mwafa, bambo."

"Chonsecho anthu anga onse alipo? Amayi, masewera anuwa ndi opanda chilungamo."

Tabwereza ka 20. Pofika kumapeto anali atayamba kuchita sewero: akafika pa bishopu uja amanyambita milomo, kupukuta magalasi amene alibe, n'kudya mwaulemu ngati a Magalasi enieni. Ndaseka mpaka nthiti kuwawa. Mwamuna ameneyu ndimamukonda, ngakhale mpope wa kubafa kwathu ukudonthabe chidonthere Januwale.

Lamulungu, 9 Malichi

Yagwira munthu weniweni! Alamu anga, achimwene awo a amunanga, anabwera masana. Aja amati kusukulu kwawo kunalibe wowaposa pa tchesi. Ndinawapatsa oyera, n'kuwapempha kuti ayambe ndi poni ya mfumukazi. Anayenda ngati awerenga pepala langa. Ataona bishopu ali yekhayekha anati, "Alamu, mwagona," n'kumudya. Kavalo pa d3.

Anafufuza pothawira mpaka tiyi wawo kuzizira. Kenako akuti bolodi lathu ndi laling'ono, limasokoneza maso. Amunanga anawagwira paphewa: "Musadandaule achimwene, ine ndafapo ka 20 pamalo omwewo."

Lolemba, 10 Malichi

Mayi wa buku uja wabwera lero m'malo mwa Lachitatu, akuti mawa ali pa ulendo. Mwamwayi ndinali nditamaliza kulisoka, guluu atauma. Analisisita chikuto chatsopanocho, misozi ili lengelenge, ndiye ine ndikanayamba bwanji kunena kuti dikirani ndikopere tsamba 89? Ndalikulunga bwinobwino n'kuwapatsa.

Palibe kanthu. Ndani angakane bishopu waulere?

Pa nkhomaliro a ku makina amafuna ndisewere nawo, ndakana, ndati mutu. Sindikufuna Nyambo ionekere poyera tsiku lisanafike. A Magalasi anali pakona pawo akudya buledi, akuwerenga pepala lokulungira buledilo. Ndikhulupirira analipezamo cholakwika.

Lachiwiri, 11 Malichi

Zandisokoneza. Ndikudula mapepala ndinamva a Kaputeni akuuza wina kuseri kwa mashelefu kuti a Magalasi akupuma pantchito mu Juni. Maso akuvuta. "Mpikisano uno ukanakhala wawo womaliza, wachikhumi ndi chimodzi."

Chimwemwe chonse chinathera pomwepo. Munthu ameneyu ndi amene anandiphunzitsa kuti kavalo amayenda bwanji, nthawi imene ena onse ankati mzimayi wa singano akufuna chiyani pabolodi. Ndiye ine ndikumutchera msampha pa ulendo wake womaliza?

Ndawafotokozera amunanga tikudya. Anatafuna kaye, n'kunena kuti, "Ine munthu akandipatsa ntchito chifukwa chondimvera chisoni, ndimadziwa, ndipo zimandiwawa kuposa kundimana." Kenako anatenga pepala lawo lija n'kufunsa ngati bulu wakonzeka. Tabwereza ka 10, koma mtima sunali pomwepo.

Lachitatu, 12 Malichi

Kaya nkhope yanga inaulula, kaya a Kaputeni. M'mawa a Magalasi anabwera pabenchi langa ndi masamba oti ndisoke, n'kuima osachoka.

"A Singano, ndamva kuti mwamva."

"Ndamva, bambo."

"Mawa mukandisewerera zachisoni ndidzadziwa pofika ulendo wachisanu. Ndipo sindidzakulankhulaninso mpaka Juni."

Ndinati chabwino, mubwere mutadya. Anaseka, kaseko kawo kaja kotulukira m'mphuno. Mtima wanga wapepuka.

Madzulo tathamangitsa Nyambo ndi wotchi. Maulendo onse asanu ndi anayi, masekondi 35. Ndafika poti ndikumasewera ndikuyang'ana ketulo pambaula: ndikangomva kuti gwa, amunanga aika, dzanja langa limapita lokha. Iwo akuti, "Koma amayi, bolodi simukuliyang'ana n'komwe." Ndawayankha kuti akatswiri amatero.

Lachinayi, 13 Malichi, m'mawa

Ndadzibaya ndi singano kawiri isanakwane 9 koloko. Zaka 16 pantchito imeneyi.

Lachinayi lomweli, madzulo

Ndilembe zonse ndisanaiwale.

Tinayala bolodi patebulo lodulira mapepala. Anthu sanapite kwawo, anazungulira, ena atakwera pamabokosi. A Kaputeni anaika foni yawo pakati ngati wotchi, mphindi 40 aliyense, n'kutipatsa mapepala olembapo maulendo. Anati malamulo ndi a kumpikisano: kulankhula ayi, kubweza ayi, ndipo msilikali amene wamugwira ndi yemweyo umusunthe.

A Magalasi d4. Ine kavalo. Iwo poni yachiwiri. Ine e5, ndipo ndinaiika mwaphokoso ndithu. Wina kumbuyo anati, "Iii, a Singano ayamba kugawa." A Magalasi anaiyang'ana poni ija kawiri, kundiyang'ana ine kamodzi, n'kudya.

Kuyambira pamenepo zinayenda ngati tili pakhomo ndi amunanga. Wachinayi, wachisanu, wachisanu ndi chimodzi, ndendende pepala langa. Iwo amaganiza mphindi ziwiri kapena zitatu, ine sekondi imodzi. Anakankha kaponi ka m'mphepete kuopseza bishopu. Ndinamusiya. Tinadyerana akavalo, wanga wotsala n'kuima pakati pa bolodi, wokonzeka kulumpha. Bishopu ali apo, nyambo ili poyera. Sindinafune aone nkhope yanga, ndiye ndinayang'ana kumbali, pa kalendala ya pakhoma.

Ndinamva kuti gwa.

Dzanja langa linapita lokha. Ndinamugwira kavalo, kumunyamula, ndipo ali m'malere ndi pamene maso anafika pabolodi. Bishopu wanga anali pomwe paja, wosadyedwa. A Magalasi anali atakankha poni ina, ya patsogolo pa mfumu yawo, sitepe imodzi yokha. Kasitepe kameneko kanatsegulira njira bishopu wawo wa pafupi ndi mfumu, ndipo tsopano ankayang'ana pa d3 penipeni. Ndikaika kavalo pamenepo, si meti, ndi mphatso.

Chofunika chinali chapafupi, ngakhale alamu akanachiona: kuyendetsa bishopu wanga woopsezedwayo, adye kavalo wawo, basi. Koma m'manja mwanga munali kavalo. Ndinamubweza pamalo pake pang'onopang'ono ngati mwina palibe waona. A Kaputeni anatsokomola. "Mwamugwira, mayi."

Manyazi ake! Kavalo ayende basi, ndipo akayenda, bishopu adyedwa ulere. Masiku asanu ndi limodzi ndikuloweza, n'kudzagwa ndekha m'dzenje langa lomwe, pamaso pa kampani yonse. Ndinafuna kungogwetsa mfumu n'kupita kukalira ku bafa.

Ndinakhalira manja onse awiri, zenizeni, pansi pa ntchafu. Ndiyeno kwa nthawi yoyamba sabata yonseyi ndinayang'ana bolodi. Kavalo ali ndi malo angapo opitako. Ndinawayesa limodzi limodzi m'mutu, monga ndimasanjira masamba. Apa afa. Apa bishopu apita ulere. Apanso chimodzimodzi. Wotchi ikudya. Mphindi 17 zinapita, munthu wina mpaka anakatenga mpando.

Kenako ndinaona g6. Kubwerera m'mbuyo, malo osaoneka bwino n'komwe. Koma ali pamenepo kavalo akuopseza bishopu wawo winayo, amene anatuluka kale panja. Akadya wanga, ine ndidya wawo. Vuto linali loti bishopu wawoyo akutetezedwa ndi kaponi kaja angokankha kumene. Ndinatsala pang'ono kuitaya nzeruyo, mpaka ndinaona kuti kavalo wanga akachoka pakati, msewu wa mfumukazi yanga utseguka, ndipo pakati pa iyo ndi mfumu yawo patsala kaponi komweko kokha. Ndi komangika. Sikangapatuke kukadya chilichonse.

Ndinawerenga kawiri, ngati a Magalasi eni ake. Ndinatulutsa dzanja limodzi n'kuika kavalo pa g6.

A Magalasi anadya bishopu wanga. Ine ndinadya wawo. Ndiye apa ndi pamene ndinaona chinthu chimene sindinachionepo chiyambire: dzanja la a Magalasi likuthamanga. Anatola kaponi kaja kuti adye kavalo wanga, anthu n'kuyamba kung'ung'udza kuti a Singano atha. A Kaputeni anakweza dzanja. "Bambo, mfumu yanu mwaisiya pamtetete."

Anaima, poni ili m'manja. Anatsitsa magalasi, kuwakwezanso, kutsatira mzere uja ndi maso kuchokera pa mfumukazi yanga mpaka pa mfumu yawo. Poni aigwira, iyende basi, ndipo njira yokhayo yololedwa ndi kutsogolo, kumene kulibe phindu lililonse. Chisoni chinandigwira, pakamwa panatseguka pokha: "Bwezani bambo, palibe kanthu."

"A Singano," anatero osandiyang'ana, "tinagwirizana chiyani dzulo?" Anaikankhira kutsogolo okha n'kudina wotchi.

Mfumukazi yanga inadya poni imodzi, patapita nthawi inanso. Koma musaganize kuti anagona. Anandipana kupitirira theka la ola ndi asilikali ochepa omwewo, kawiri konse ndinatsala pang'ono kutaya zonse, ndipo nthawi yanga inatsika mpaka mphindi zitatu. Pepala langa linali litatha kalekale, panalibe choloweza, ulendo uliwonse ndimayenera kuupeza ndekha. Pa ulendo wa 52 poni yanga ya m'mphepete inafika sitepe imodzi kuti isanduke mfumukazi, ndipo panalibe woigwira. A Magalasi anagoneka mfumu yawo mwaulemu, ngati akugoneka mwana, n'kundipatsa dzanja.

Phokoso lake! A ku makina amamenya mabokosi ngati ng'oma. Ine ndimafuna kuseka ndi kulira nthawi imodzi, ndipo ndinachita zonse ziwiri. A Magalasi anatola mapepala onse awiri a maulendo, langa ndi lawo, kuwapinda, kuika m'thumba la jekete n'kutuluka osatsanzika. Zimenezo zandidetsa nkhawa.

Kunyumba amunanga anandinyamula m'mwamba pakhomo penipeni, aneba akuona. Nditawafotokozera zonse anafunsa chimodzi chokha: "Ndiye kuti aja sanafe pamalo panga paja?" Akuoneka kuti zawakhumudwitsa pang'ono.

Lachisanu, 14 Malichi

A Kaputeni amata mayina pachitseko cha kantini. Nambala 4, ine. Ndapitapo katatu kukaona ngati lilipobe. Galimoto inyamuka 7 koloko mawa, ndipo fulasiki apatsidwa wina.

A Magalasi sanabwere pa tiyi wa m'mawa. Pa nkhomaliro pakona pawo panali pululu. Ndinayamba kuganiza kuti mpando ndaupeza koma munthu ndamutaya, ndipo ndinadziuza kuti ikakwana 3 koloko ndipita ndekha ku ofesi kwawo, kaya ndikanena chiyani.

Itangopitirira 2 ndinabwerera pabenchi kuchokera kodula mapepala, n'kupeza pepala langa la maulendo lili pansi pa botolo la guluu. Lofiira lonse. Alilemba ndi cholembera chawo cha ntchito, ulendo ndi ulendo, timalemba tating'onoting'ono. Pa 23: "Mwachedwa kubisa mfumu." Pa 31: "Apa ndikanakugwirani, maso anandinamiza." Pa 40: "Nsanja siyenda chonchi pa anthu." Ndawerenga zolakwika 12. Ndiye kuti nkhomaliro yonse anali pa ntchito imeneyi.

Maulendo asanu ndi atatu oyamba anawakulunga ndi mzere umodzi n'kulemba m'mbali kuti, "Awa ndi a m'buku la eni ake." Pa wachisanu ndi chinayi, kavalo pa g6, sanakonzepo kanthu. Anangozunguliza n'kulemba kuti, "Uwu ndi wanu."

Ndikuwerengabe, ndinamva kaseko ka m'mphuno kumbuyo kwanga. Anali ataima ndi bolodi kukhwapa.

"Kwatsala maola awiri tisanaweruke, ndapempha kale kwa abwana. Wa nambala 4 wa ku kampani ya sopo ndimamudziwa, bishopu waulere sadya. Sunthani guluuyo, a Singano, tiyambire pa 23."